Kuyenda m'mphepete mwa nyanja pa basi ndi ndege zing'onozing'ono: chikwama chikhale chotani, masiku tiwagawe bwanji?

Nasibeko:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Munthu akufuna kuyenda m'mphepete mwa nyanja yamchere milungu itatu kapena inayi, chikwama kumsana. Mtunda waukulu ayenda pa basi, koma pamene msewu wathera kapena pamene pali zilumba akwera tindege tija ta anthu ochepa. Ayambire pati pokonzekera? Chikwama chikhale cha malita angati? Nanga matikiti agulire limodzi asananyamuke kapena azigula m'njira?

Mbewe:
Achemwali, mapu ayambe adikira, yambirani pa sikelo ya ndege. Basi siikana katundu kawirikawiri, akachuluka amangomukweza pamwamba n'kumanga. Ndege yaing'ono ilibe chisoni chotero.

Ndege zomwe zimapezeka kwambiri pa maulendo amenewa ndi zitatu. Cessna 208 Caravan ili ndi injini imodzi kutsogolo ndipo imanyamula anthu 9 mpaka 13, kutengera malamulo a dzikolo ndi kaikidwe ka mipando. Twin Otter ili ndi injini ziwiri, anthu 19. Britten-Norman Islander nayo injini ziwiri, anthu 9. Makampani ambiri a ku Kenya ndi Tanzania amalola makilogalamu 15 okha pa munthu, ndipo pamene ambiri amapusirapo ndi apa: 15 ameneyu akuphatikiza kachikwama ka m'manja. Kamera, botolo la madzi, buku, zonse zimakwera sikelo pamodzi. Kwina malire ake ndi ena, ndiye werengani zolembedwa pa tikiti yanuyo. Kwinanso amakuyezani inu amene, musakhumudwe nazo.

Chikwama chikhale chofewa. Caravan imaika katundu m'chibokosi cha kunsi kwa mimba yake, chogawidwa zipinda zokhala ndi timakomo tating'ono. Chikwama chansalu amachifinya n'kulowa. Sutikesi yolimba ya matayala ikakana pakhomo, yatsala basi. Cha malita 35 mpaka 45 n'chokwanira. Cha malita 70 vuto lake n'lakuti mudzachidzaza ndithu.

Nachisale:
Ndiwonjezere masamu pa zimene anena a Mbewe, poti 15 amamveka wambiri munthu asanayambe kulongedza. Chikwama chopanda kanthu chimalemera pafupifupi 1.4. Zovala 3, ndipo pamenepo ndikunena malaya atatu, akabudula awiri, thalauza limodzi lopepuka, zamkati zinayi, juzi ndi jekete ya mvula. Masandasi 0.5, thaulo lopyapyala 0.2, sopo ndi zodzola 0.7, mankhwala 0.4, neti ya udzudzu 0.4. Foni, chaja, tochi ndi power bank 1. Kamera 1. Mwafika kale pafupi ndi 9. Mukaonjeza tenti, chogonera ndi mphasa yake, ndi ena 4. Madzi lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Mwatsala ndi kilogalamu imodzi ndi kakanthu.

Kilogalamu yotsalayo isiyeni, musaidzaze. Kunyanja chikwama chimalemera chokha: zovala zosauma, mchenga m'nsapato, tenti yopindidwa ndi mame. Chimene chinali 14.5 ponyamuka chidzapitirira 15 sabata yachiwiri. Nsapato zolemera ndi jekete muzivale pathupi tsiku la ndege. Jinzi isiyeni kunyumba, mu mpweya wa mchere imatha masiku isanaume.

Tembo:
Za matikiti. A ndege gulani msanga poti mipando ndi yochepa, a basi muzigula dzulo lake la ulendo kapena tsiku lomwelo. Koma chachikulu ndi dongosolo la ulendo wonsewo. Ine ndinganene kuti ndege yaing'ono ikhale koyambirira: ulukani mpaka kumapeto kwenikweni kwa gombelo, kenako muzibwerera pang'onopang'ono pa basi kulowera ku mzinda umene kuli ndege yaikulu yobwerera kwanu. Kandege kakalephereka tsiku loyamba, mwangotaya tsiku. Kakalephereka tsiku lomaliza, mwataya tikiti yaikulu.

Chifukwa chake n'chakuti matikiti awiriwa nthawi zambiri amakhala osalumikizana. Kampani ya ndege yaikulu sizikuikhudza zoti kanyamuka mochedwa kandege ka pachilumba. Kwa iwo simunabwere, nkhani yathera pomwepo.

Jere:
A Tembo, pamenepo sindikuvomerezani kwathunthu. Munthu amakhala ndi mphamvu koyambirira kwa ulendo. Maola khumi pa basi sabata yoyamba amapiririka, sabata yachinayi ndi chilango. Ambiri amasankha kupita pa basi n'kubwerera pa ndege atatopa, ndipo n'zomveka.

Tembo:
N'zomveka, achimwene, koma zili ndi mtengo wake. Wobwerera pa kandege asiye mausiku awiri pakati pa kutera kwake ndi ndege yaikulu, osati umodzi. Ndipo adziwiretu kuti ndege ikakanika pali msewu kapena boti limene lingamufikitse m'maola 24. Ngati njira ina palibe, monga pa chilumba chakutali m'nyengo ya mphepo, mausikuwo akhale atatu. Kunja kukaipa lero, anthu a lero amawaika pa mipando yotsala ya mawa, ndipo pa ndege ya anthu 12 mipando yotsala ingakhale iwiri kapena osakhalapo n'komwe.

Nangozo:
Ndilankhuleko za basi, poti anthu amaona mzere wofiira pa mapu pafupi ndi nyanja n'kumaganiza kuti aziona mafunde pawindo tsiku lonse. Misewu ikuluikulu yambiri ya m'mbali mwa nyanja imadutsa kumtunda, kutali ndi madzi, chifukwa kugombe kuli mathiriro a mitsinje, madambo ndi mchenga. Ku Mozambique msewu wa EN1 sufika ku Vilankulo. Basi yopitirira imakutsitsani pa mphambano ya Pambarra, patsala makilomita pafupifupi 20. Wopita ku Tofo amatsika ku Maxixe, kuwoloka pa boti kupita ku Inhambane, kenako galimoto ina. Ku South Africa msewu wa N2 ukafika dera la Wild Coast umathawira kumtunda, ndipo wopita ku Coffee Bay amapatukira pafupi ndi Mthatha. Ku Costa Rica wopita ku Drake Bay amatsika basi n'kukakwera boti ku Sierpe.

Ndiye funso lofunsa pogula tikiti si lakuti basi inyamuka nthawi yanji. Funsani kuti ifika nthawi yanji pa mphambano, ndiponso galimoto kapena boti lomaliza lopita kugombe limachoka nthawi yanji. Powerengera, musatenge maola amene foni ikuonetsa, amenewo ndi a galimoto yaing'ono yosaima. Basi yoima m'masiteji muiwerengere makilomita 40 mpaka 50 pa ola. Makilomita 300 ndi maola 6 mpaka 7 ndi theka, kuonjezapo nthawi yodikira kuti idzaze ngati ndi ya mtundu umenewo. Kwerani yoyamba ya m'mamawa. Kufika pa mphambano usiku ndiye kugwa m'manja mwa wa galimoto mmodzi yekhayo amene watsala, mtengo anena yekha.

Pali magombe ena pamene basi ndi pantoni zimayendera limodzi. Msewu wa Kystriksveien ku Norway, kuchoka ku Steinkjer kukafika ku Bodø, ndi wa makilomita pafupifupi 650 ndipo uli ndi mapantoni 6. Kumeneko ndandanda ya Loweruka ndi Lamlungu imasiyana ndi ya mkati mwa sabata, ya chilimwe imasiyananso ndi ya nyengo yozizira. Onetsetsani kuti mukuwerenga ya tsiku loyenera.

Nasibeko:
Zikomo kwambiri. Nanga mpando, mbali iti?

Nangozo:
Ganizirani kumene mukulowera. Gombe la kum'mawa kwa dziko, mukamapita kumpoto nyanja ili kumanja, mukamapita kumwera ili kumanzere. Gombe la kumadzulo ndi mosemphanitsa. Pa ndege ndi chimodzimodzi ngati ikutsata gombe, ngakhale woyendetsa akhoza kudutsa pamwamba pa madzi, mtunda n'kukhala mbali inayo.

Chikwama chachikulu chikamalowa kunsi kwa basi, mangani malamba ake onse ndipo chilowetseni m'thumba lalikulu. Kunsiko kumalowa fumbi, madzi a mvula, oilo ndi zotayika za katundu wa anthu ena. Lamba wa m'chiuno akakodwa pachitseko, chomangira chake chapulasitiki chimathyoka, ndipo chikwama chopanda lamba wa m'chiuno chimapweteka mapewa ulendo wonse. Tengani chomangira china chapadera, sichilemera kanthu. Pasipoti, ndalama, foni ndi mankhwala zikhale pamiyendo panu.

Mbewe:
Za mpando pa ndege, musalimbane ndi woyendetsa akakusunthani. Iye amawerengera kulemera konse ndi pamene kwagona. Kukachuluka kumchira, mphuno imafuna kudzuka yokha ponyamuka. N'chifukwa chake pa Caravan mumaona kachitsulo kochirikiza mchira pamene anthu akukwera.

Tsono chimene chimasiyitsa katundu ngakhale aliyense ali m'malire a 15. Mpweya wotentha ndi wopepuka, mapiko sagwira bwino ndipo injini imachepa mphamvu, choncho ndege imafuna msewu wautali kuti idzuke. Mabwalo a kugombe ambiri ndi afupi, ena a dothi kapena udzu, ndipo mvula ikagwa matayala amamira pang'ono, liwiro n'kuchedwa kukwera. Komanso pa timabwalo tambiri palibe pomwetsera mafuta, ndege imabwera itasenza kale mafuta obwererera. Masana kukatentha, anthu adzaza, bwalo lanyowa, woyendetsa sangachepetse mafuta. Amachepetsa zikwama. Zimabwera pa ndege yotsatira, imene ingakhale mawa kapena mkuja. Ndiye m'kachikwama ka m'manja mukhale mankhwala a tsiku ndi tsiku, chaja, zovala zosinthira kamodzi ndi mswachi.

China, m'ndege zimenezi mulibe mashelefu a pamwamba. Kachikwama ka m'manja amatha kukalandira pakhomo n'kukaika kumbuyo kuseri kwa ukonde. Chimene mukufuna muli m'mwamba chikhale m'thumba la malaya. Chimbudzi mulibenso, pitanitu musanakwere ndipo khofi achepe.

Jere:
Langizo lomwe aliyense amapereka ndi lakuti kwerani ndege ya m'mawa. Kodi n'loona paliponse?

Mbewe:
Malo otentha n'loona. Dzuwa likakwera mtunda umatentha msanga kuposa nyanja, mpweya umayamba kukwera, mphepo ya kunyanja imalowa, ndege imadumphadumpha, ndipo mitambo ya mabingu imakula chakumasana. M'mawa mumakhala bata. Komanso ya m'mawa ikachedwa, tsiku likadalipo. Mabwalo ang'ono ambiri alibe magetsi, dzuwa likalowa palibe kutera, ndipo pafupi ndi equator limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, mdima n'kugwa mofulumira. Ndege ya 4 koloko ikachedwa maola awiri, yafa.

Koma magombe a madzi ozizira ndi nkhani ina. Ku Namibia, dera la Swakopmund ndi Skeleton Coast, madzi ozizira a Benguela amabweretsa nkhungu yomwe imakuta gombe m'mawa n'kuyamba kuyera dzuwa litakwera. Ku Peru ndi ku California ziliponso. Kumeneko ya m'mamawa ndiyo imachedwa. Funsani a kampaniyo kuti mwezi umenewo ndege imene imalephereka kawirikawiri ndi iti, amadziwa.

Tembo:
Ndipo nthawi yolembedwa pa tikiti musaikhulupirire kwambiri. Makampani ang'ono amakonza njira ya tsikulo potengera amene agula: ndege imodzi itera mabwalo atatu kapena anayi, kutsitsa awiri apa, kukweza atatu apo. Nthawi yeniyeni imadziwika dzulo lake madzulo. Apatseni nambala imene ikugwira m'dzikolo kapena ya WhatsApp, perekaninso ya pamalo pamene mukugona, ndipo muimbe nokha kutsimikiza. Ndege ikhoza kufika msanga ndi mphindi 30 ndipo siizimitsa nthawi yaitali. Mabwalo ena amafuna anthu osachepera awiri kuti ndege itere, woyenda yekha afunsiretu. Ikatera pa bwalo la pakati, suzumirani pawindo muone zikwama zimene akutsitsa. Chikwama chakuda chimafanana ndi zinzake zonse, mangiriranipo kansalu kowala ndipo dzina la bwalo lanu lilembedwe moonekera.

Kutera si kufika. Bwalo la Lamu ku Kenya lili pa chilumba cha Manda, mukatsika mumawoloka pa boti. Wobwera pa basi kuchokera ku Mombasa kudzera ku Malindi amathera ku Mokowe, nayenso boti. Msewu umenewo maboma angapo akhala akuchenjeza nzika zawo za chitetezo chake, ndiye werengani machenjezo atsopano musanasankhe basi, chifukwa inshulansi yambiri siigwira ntchito m'dera limene boma lanu linati musapiteko.

Nachisale:
Poti mwatchula inshulansi, werengani ndime ya ndege. Ina imalipira pokhapokha ngati munali pa ndege ya kampani yokhala ndi chilolezo chonyamula anthu olipira, chimene amachitcha AOC. Kukwera kandege ka munthu wamba amene wangoti tiyeni ndikupatseni lifiti, zikavuta mudzalipira nokha. Onaninso ngati muli ndalama zokunyamulani kupita ku chipatala chachikulu.

Za thupi. Ndege zimenezi sizisunga mpweya m'kati ngati zikuluzikulu, n'chifukwa chake nthawi zambiri zimauluka pansi pa mamita 3,000. Makutu amatseka potsika, mezani malovu kapena yasamulani. Wa chimfine chotseka mphuno amamva ululu kwambiri. Mabotolo a zodzola amatupa n'kutayikira, finyani mpweya utuluke musanatseke ndipo muwaike m'pepala lapulasitiki. Phokoso ndi lalikulu, totsekera m'makutu n'tothandiza. Wa nseru amwe mankhwala monga dimenhydrinate mphindi 30 mpaka ola asanakwere, akamwa atayamba kale kudwala sathandiza kwenikweni. Amagonetsa, ndiye osawaphatikiza ndi mowa. Akhale pafupi ndi mapiko, pa basi akhale kutsogolo, maso patali, foni m'thumba.

Chofunika kwambiri kwa amene akamira pansi pa nyanja ndi mabotolo a mpweya: bungwe la DAN, loona za chitetezo cha anthu omira pansi pa madzi, limati padutse maola osachepera 12 mutamira kamodzi, ndi 18 mutamira kangapo kapena masiku otsatizana, musanakwere ndege. Ambiri amangoti 24. Musanamizidwe kuti kandege kakuuluka pansi, mpweya wa nitrogen wotsalira m'magazi ukhoza kupanga thovu ngakhale pa msinkhu umenewo.

Nangozo:
Tisaiwale madzi enieniwo. Magombe ambiri nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, pakati pa kudzaza kuwiri pali maola 12 ndi mphindi 25, choncho nthawi yake imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Ndandanda ya Lolemba siigwira Lachisanu. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mdima, madzi amakwera kwambiri ndi kuphwa kwambiri. Zimenezi zimalamula maboti, zimalamula misewu yodutsa pamchenga, ndipo ku Barra ku Scotland zimalamula ndege imene: Twin Otter yochokera ku Glasgow imatera pamchenga wa gombe, madzi akadzaza bwalolo limamira, ndiye nthawi ya ndege imatsata nyanja.

Woyenda pansi kuchoka gombe lina kupita lina azungulire matanthwe madzi akuphwa, osati akubwera. Madzi sakwera mofanana maola onse asanu ndi limodzi. Gawani kukwera konse pa 12: ola loyamba gawo 1, lachiwiri 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Theka lonse limabwera m'maola awiri a pakatiwo. Ngati madzi amakwera mamita 3, ndiye mita imodzi ndi theka ikubwera m'maola awiri okha. Poyamba amaoneka ngati akuchedwa, munthu n'kumajambula zithunzi, pocheuka njira yobwerera yatsekeka ndipo kumbuyo kuli phompho. Nyamukani maola awiri madzi asanaphweretu, mukhala ndi maola anayi abwino. Powoloka mathiriro a mtsinje masulani lamba wa m'chiuno ndi wa pachifuwa kuti mukagwa chikwama chivuke msanga, ndipo madzi othamanga akapitirira m'mawondo bwererani. Funsani asodzi za ng'ona ndi za pamene pali pozama.

Maboti ambiri alibe doko, mumatsikira m'madzi ofika m'ntchafu mafunde akukankha. Pasipoti ndi foni zikhale m'thumba losalowa madzi la malita 5 kapena 10, lopinda kukamwa katatu. Ndandanda ya madzi ndi mapu zisungeni mu foni mukadali pa intaneti.

Jere:
Walira mvula walira matope. Gombe lopanda anthu ndiye lopandanso ATM, choncho ndalama za m'manja zitengedwe ku tawuni yomaliza, zing'onozing'ono, zogawa malo awiri. Ndipo nyengo muione musanagule kalikonse. Ku gombe la Kenya ndi Tanzania mvula yaikulu imagwa April ndi May, malo ena ogona amatseka, ndipo mphepo yochokera kumwera yotchedwa Kusi ikayamba nyanja imakalipa, maboti ang'ono amavutika. Kumwera chakumadzulo kwa Indian Ocean anamondwe amabwera pakati pa November ndi April. Mlatho umodzi ukakokoloka, basi zonse zaima ndipo aliyense akuthamangira mipando 12 yomweyo.

Nasibeko:
Ndaphunzira zambiri. Latsala limodzi: power bank ndi sitovu ya gasi zimaloledwa?

Mbewe:
Power bank ikhale m'manja, osati m'chikwama chopita kunsi, kuti ikayamba kutentha ionekere. Yosapitirira 100 Wh (muyeso wa mphamvu imene batire imasunga) imaloledwa popanda kupempha. Kuyambira pamenepo mpaka 160 Wh mupemphe kaye kampani, ndipo zisapose ziwiri. Kuposa 160 ayi. Ngati palembedwa mAh yokha, chulukitsani ndi 3.7 n'kugawa ndi 1,000. Ya 20,000 mAh ndi 74 Wh, ilibe vuto. Ya 30,000 mAh ndi 111 Wh, yadutsa malire. Zolemba zake zikafufutika akhoza kuilanda, matanipo tepi yoonekera ikadali yatsopano.

Kabotolo ka gasi sikakwera ndege, kaya m'manja kaya kunsi, ngakhale katatsala pang'ono kutha. Kamutu ka sitovu kopanda gasi kamaloledwa. Sitovu ya mafuta amadzi iyenera kukhuthulidwa ndi kuumitsidwa mpaka fungo litatha, ndipo kampani ivomereze. Mpeni ndi zikhomo za tenti zipite m'chikwama chachikulu.

Pabwalo, musayandikire ndege mpaka atakuitanani, ndipo musadutse kutsogolo. Pulopela ikamazungulira sioneka. Chipewa chikauluka chisiyeni. Ngati mudutsa pamwamba pa nyanja akuonetsani jekete yoyandamitsa, ndipo lamulo lake ndi lakuti muifufumitse mutatuluka kunja. Mukaifufumitsa m'kati simukwana pakhomo, ndipo madzi akalowa imakukanikizirani kudenga.

Nangozo:
Pa gasiyo ndionjeze kuti mabotolo ali mitundu iwiri ikuluikulu, omanga ndi mazinga ndi oboola, ndipo kamutu ka mtundu wina sikalowa pa unzake. Poti ndege iliyonse ikukakamizani kusiya botolo, funsani pamalo pamene mukagone ngati mtundu wanu umagulitsidwa kumeneko. Ngati mayankho sakumveka, sitovu itsale, makilogalamuwo apite ku madzi akumwa.

Zipi nazo muzizisamala. Mchere ukauma m'mano a zipi umadya kachitsulo kokokera mpaka kuuma gwa. Masiku angapo alionse tsukani zipi za chikwama ndi za tenti ndi madzi opanda mchere, chotsani mchenga ndi mswachi wakale, zikauma pakani kandulo. Ikakana musaikoke mwamphamvu, inyowetseni ndi madzi ofunda kwa mphindi zingapo kenako muiyendetse pang'onopang'ono kubwerera kumbuyo.